Malegeni a pa Kaliyala ndi Chingwe cha Mbedza

Mlendo akamva kuti timakhala ku Luangwa amaganiza za mtsinje waukulu wa kum'mawa uja, wa mvuu ndi ng'ona, umene basi yopita ku Chipata imawoloka pa mlatho. Timamuuza kuti ayi, Luangwa yathu ndi komboni ya ku Kitwe, ndipo mtsinje wathu ndi Kafue. Koma mbedza timaponya ndithu. Ambirife tinakula ndi nsungwi, chingwe chomangirira kunsonga, ndi nyongolotsi m'kachitini. Masiku ano kwabwera ndodo za m'sitolo, zina zatsopano, zina za salaula, zokhala ndi kachipangizo kopukusa kaja kamene amati reel. Pa reel pali spool, pamene chingwe chimakulungidwa. Amayi akuidziwa kale spool: ndi mkulu wake wa bobini ya makina osokera.

Loweruka lina mnansi wanga anabwera ndi reel yake ataikulunga m'nyuzipepala, nkhope ili gwa. Spool ya pulasitiki inali itang'aluka kuyambira pakati mpaka kumlomo. Sanaigwetse, sanaiponde. Lamlungu lapitalo anavuula nayo mlamba waukulu, atafika kunyumba anaipachika bwinobwino pa msomali, ndipo patatha masiku asanu ndi limodzi anaipeza yotero. Iye ankakayikira ana. Ine ndinamufunsa kuti anthu a makala aja amene amalowa m'tauni m'bandakucha amamanga ndi chiyani matumba awo pa njinga.

Amamanga ndi malegeni, odula ku chubu chakutha. Ndipo mukudziwa chifukwa chake sasankha chingwe cha khonje. Khonje ukalimanga, lamangika pomwepo, njinga ikagunda bampu limayamba kukhwefuka. Legeni ndi wina. Umamukoka, atamuke, nkumuzunguliza ali chitamukire. Iye amafuna kubwerera pa msinkhu wake wakale, koma wamutsekera njira, choncho mphamvu yonse ija imathera pofinya thumba. Ukazunguliza kachiwiri, kufinya kwachiwiri kumakhala pamwamba pa koyamba. Kachitatu chimodzimodzi. Wamakala akafika pa msika nkumasula, mumaona thumba lili ndi chiuno ngati mavu, makala a pamenepo atasanduka fumbi. Munthuyo anasiya kukoka kalekale ali kumudzi, koma legeni sanasiye.

Chingwe cha mbedza choonekera ngati madzi chija ndi cha nayiloni, ndipo nayiloni ndi msuweni wa legeni. Inapangidwa koyamba mu 1935 ku kampani ya DuPont ku America, ndi gulu la katswiri wina dzina lake Wallace Carothers, ndipo pofika 1939 kampaniyo inali itayamba kuigulitsa kwa asodzi. Ubwino wake ndi womwewo wotamuka: nsomba ikagwedeza mutu mwadzidzidzi, chingwe chimalolera pang'ono m'malo moduka. Mamita 10 a nayiloni akhoza kutalika mpaka 12 asanaduke. Ndi maso simungaone, koma mangirirani chingwe pa mtengo wa mango, mubwerere m'mbuyo mapazi makumi awiri, mukoke. Mumva chikubwera kwa inu mofewa, ndipo mukachileka chibwerera.

Tsono taganizani zimene mnansi wanga anachita. Mlamba uli pansi, ukukana kubwera, iye akupukusa chogwirira ndi mphamvu zake zonse. Chingwe chikulowa pa spool chili chotamuka mpaka pomaliza. Tiwerengere limodzi: spool ya masentimita 4 m'mimba mwake imadya masentimita pafupifupi 12 ndi theka pa kuzungulira kumodzi. Mamita 100 ndiye kuti ndi mizere pafupifupi 800. Ngakhale atakhala mamita 30 okha amene analowa mothina, imeneyo ndi mizere yoposa 200, uliwonse ukufuna kubwerera pa msinkhu wake. Tengani kalabala kaja komangira ndalama, mukazungulize pa chala kasanu mokoka. Musadikire nthawi yaitali, chala chiyamba kuda. Spool ilibe pakamwa poti nkudandaulira.

Palinso china. Nayiloni imamwa madzi pang'ono, ndipo ikanyowa imafewa nkutamuka mosavuta. Ikamauma imakungika. Choncho chingwe chimene chinalowa chonyowa ndi chokoka chimapitiriza kuthina chili pa msomali, usiku anthu ali m'tulo. Mphamvuyo imakankhira mbali ziwiri. Imafinya chapakati, komanso mizere ya pamwamba imadzipanikiza pakati pa ya pansi nkukankha makoma a spool kuti atakasuke, monga mmene thumba lodzaza mopitirira limaphulikira mu msoko. Pulasitiki imang'aluka. Aluminiyamu siing'aluka msanga, koma makoma ake amatha kupindikira kunja, ndipo pa reel za mtundu uja umene spool yeniyeniyo imazungulira, mumayamba kumva ikukhula m'mbali ngati rimu yopindika ikukhula mabuleki.

Ana aja analibe mlandu.

Mankhwala oyamba ali kumtsinje komweko. Reel ndi nkhokwe yosungira chingwe. Yokoka ngolo ndi ndodo. Nsomba ikalemera, kwezani ndodo pang'onopang'ono osapukusa, nsomba isendere. Kenako tsitsani ndodo, ndipo potsitsapo ndi pamene mupukuse, kutolera chingwe chimene chapepukidwa. Kwezani, tsitsani mukupukusa, kwezani, tsitsani mukupukusa. Ndi mmene amayi amatungira pa chitsime: dzanja limodzi limakoka, linalo limangolandira. Chingwe chikalowa chotero chimalowa chitapuma.

Pafupifupi reel iliyonse ili ndi buleki yake, imene amati drag, kawirikawiri kachitsekerero kopotokola kali pamwamba pa spool. Ntchito yake ndi kulola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mopitirira muyeso. Anthu ambiri kuno amaimanga mpaka pomaliza poopa kuti nsomba ithawa. Kumeneko ndi kumanga buleki ya njinga ndi waya. Asodzi ozolowera amaiika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena atatu, a mphamvu ya chingwe. Ngati pa paketi alemba makilogalamu 8, drag iyambe kulolera pa 2 kapena kupitirira pang'ono. Sikelo simukuifuna. Botolo la malita awiri lodzaza madzi ndi makilogalamu awiri. Limangirireni ku chingwe, mulinyamule ndi ndodo mosamala, ndipo pamene botolo likuti lichoke pansi drag iyambe kulira. Mukamva ikulira nsomba ili kumapeto, lekani kupukusa. Kupukusa drag ikulira sikubweretsa ngakhale chala chimodzi cha chingwe, kumangochipota.

Koma kunena zoona, ma spool ambiri a kuno sanaphedwe ndi nsomba. Anaphedwa ndi zitsa. Kafue ili ndi mitengo yomira, miyala ndi bango, ndipo mbedza ikakodwa munthu amapsa mtima. Amagwira spool ndi dzanja, nkubwerera m'mbuyo mpaka china chake chilolere. Chimene chimalolera nthawi zina si chingwe ayi, ndi kachitsulo kamene spool imakhalapo, ndipo kakapindika reel imazungulira motsimphina moyo wake wonse. Tolani kamtengo kokula ngati mpini wa chikwanje. Tulutsani chingwe chokwanira kuti pakati pa inu ndi reel pakhale pokhwefuka, muchizungulize pa kamtengoko kasanu ndi kawiri kapena kakhumi, ndipo mukoke ndi kamtengoko, nkhope mutayang'ana kumbali chifukwa mtovu ukamasuka umabwera ngati mwala wa legeni. Mbedza ikatayika, yatayika. Mtengo wake ndi wa chitumbuwa poyerekeza ndi reel.

Tsiku limene mwalimbana ndi nsomba yaikulu kapena chitsa, musapite nayo reel pa msomali. Pitani nayo pa bwalo la mpira. Mangirirani nsonga ya chingwe pa golo, mutsegule reel, muyende mpaka mutadutsa pamene chinalowa mothina. Mudzapadziwa, chifukwa chimatuluka monyinyirika, nthawi zina chikuchita kuthetheka. Chisiyeni chigone pa udzu mphindi zingapo. Kenako bwererani mukupukusa, chingwe chikudutsa m'kansalu konyowa kamene mwapana ndi zala ziwiri. Kansaluko kakuchita ntchito ziwiri, kupukuta matope ndi kupereka kuthina koyenera.

Koyenera ndi kotani? Funsani amene amabereka mwana. Chitenje chikakhwefuka mwana agwa, chikathina mwana alira. Mukatha kukulunga, dinani chingwe cha pa spool ndi chala chachikulu. Chikhale cholimba ngati tomato wosapsetsa. Chikamabonyoka ngati buledi ndiye kuti chachepa mphamvu, ndipo chikakhala gwa ngati mwala mwapitirira.

Tsopano pali chingwe china chimene anyamata akuchikonda, chamitundumitundu, chooneka ngati ulusi wolukidwa. Amati braid. Chimalukidwa ndi timaulusi ta pulasitiki yolimba kwambiri, imene ku Netherlands anaitcha Dyneema ndipo ku America Spectra, ndipo chinafala pakati pa asodzi m'zaka za m'ma 1990. Chimenechi khalidwe lake ndi losiyana ndi nayiloni pafupifupi pa chilichonse. Sichitamuka kwenikweni, choncho nkhani ya malegeni ija sichikhudza. Mavuto ake ndi ena.

Loyamba ndi kuterera. Munaimapo pa chigayo lamba atakhwefuka? Injini ikulira, pule ikuzungulira, koma ufa sukutuluka, lamba akungoseseleka nkumanunkha. Braid ikamangidwa pa spool yosalala ya chitsulo imachita zomwezo. Mulu wonse wa chingwe umazungulira pa spool ngati mphete pa chala chopaka sopo. Munthu amaganiza kuti drag yatha, amaimanga kwambiri, mwina kupita nayo kwa okonza, pamene vuto lili pansi pa chingwe. Ndipo mulu ukamazungulira chotero ndi timchenga tili pansi pake, ukupala spool. Wokonza njinga aliyense pa msika wa Chisokone akhoza kukupatsani yankho, chifukwa iye saika chubu pa rimu yopanda kanthu: amayamba wayala kalamba kophimba mitu ya masipoko. Inunso yalani. Yambani ndi mamita 10 kapena 15 a nayiloni, imene imagwira chitsulo bwino, mulumikize braid pamwamba pake. Ena amazunguliza tepi ya magetsi kamodzi kapena kawiri. Imagwira ntchito, koma ine ndimakonda nayiloni, chifukwa tepi ikakhalitsa pa kutentha kwa mwezi wa Okutobala imasiya ulimbo, ndiponso madzi amabisala pansi pake.

Lachiwiri ndi kudula. Mtanda wa sopo wochapira timaudula ndi chiyani mpeni ukasowa? Ndi ulusi. Chinthu chopyapyala cholimba chikakokedwa chimalowa. Braid ikakulungidwa mokhwefuka, nsomba nkukoka, mzere wa pamwamba umamira pakati pa inzake nkukanirira, ndipo poponya kotsatira chingwe chimaima mwadzidzidzi, mtovu nkuduka kupita kutsidya. Ndiye apa malangizo atembenuka: braid ikulungeni molimba kuposa nayiloni, kansalu mutakapana ndithu. Musaiwale kuti zala zanu ndi zofewa kuposa sopo. Braid siikokedwa ndi dzanja lopanda kanthu, ndipo kamtengo kaja apa ndiye nkofunika koposa.

Pa reel zambiri zimene tili nazo kuno, chingwe chisanafike pa spool chimadutsa pa kagudumu kakang'ono kali pa waya wopindika. Kagudumu kameneka kayenera kuzungulira. Kakauma nkuima, chingwe chimadutsa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Pitani pa chitsime chakale mukaone mlomo wake: simenti yolimba, koma chingwe cha ndowa chinakumbamo tinjira. Kagudumu kakakumbika kamayamba kubwezera, kumapala chingwe chilichonse chodutsapo. Kayeseni ndi kamtengo ka machesi. Kakakana kuzungulira, dontho limodzi la mafuta a makina osokera likwanira. Limodzi, osati kusambitsa.

Mlomo wa spool nawo ndi wofunika kuusamala ngati mlomo wa kapu ya alendo. Poponya, chingwe chimatuluka chikukhudza mlomowo kambirimbiri pa kamphindi kochepa. Mukagoneka ndodo pa mwala kapena pa mchenga, mlomo umalandira kachilonda, ndipo mchenga womata pa chingwe chonyowa umagwira ntchito imene umagwira amayi akamakwecha poto. Kachilondako maso sakaona, koma thonje limakaona: pititsani kathonje kuzungulira mlomo, pamene patsalire ubweya ndi pomwepo. Salazani ndi sandipepa yosalala kwambiri, yonyowetsa, mopepuka. Podzaza chingwe siyani mamilimita awiri kapena atatu kuti chifike pamlomo, pafupifupi kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Ndowa yodzaza mpaka pakamwa imatayikira m'njira, ndipo chingwe chodzaza mopitirira chimagwa chokha m'magulumagulu nkupiringizana pansi pa spool.

Kwatsala mdani wachete, amene ndi madzi. Mudziwa poto wa aluminiyamu amene munagonekamo ndiwo zamchere kangapo, mmene pansi pake pamachitira timaenje ngati nthomba. Spool ya aluminiyamu amaiveka kakhungu kolimba, kamene kamaipatsa mtundu wagolide, wakuda kapena wofiira uja. Kakhunguko ndi kopyapyala kuposa tsitsi. Pamene kakandika, madzi amafika pa chitsulo. Tsono chingwe chokulungidwa chili ngati thumba la chimanga chosauma bwino: pamwamba mukagwira ndi pouma, pakati pali chinyontho cha masiku ambiri. Braid ndiye imasunga madzi kwambiri m'malukidwe ake. Munthu amadzazindikira pa tsiku losintha chingwe, kupeza ufa woyera ndi timaenje.

Ife mwayi wathu ndi wakuti Kafue si nyanja yamchere. Koma reel ya salaula simudziwa kumene inachokera, mwina inagwira ntchito ku Durban kapena ku Dar es Salaam. Musanapereke ndalama, pemphani kuti muvundukule chingwe muone pansi. Wogulitsa akakana, mwayankhidwa. Komanso madzi a kuno ku migodi si a mvula okhaokha. Tonse tikukumbukira 18 Febuluwale 2025, pamene damu losungira zotsalira za mgodi ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi nkutsikira mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba nkuyandama zakufa, mipopi ya mu Kitwe nkuuma. Zoterozo sizichitika tsiku lililonse, koma zinatikumbutsa kuti mtsinje umanyamula zambiri zimene sitiziona. Mukabwera kowedza, kaya ku Kafue, ku damu la Mindolo kapena ku Kafubu ku Ndola, tsirani madzi a pa mpopi pa spool pang'onopang'ono, drag ili yomanga kuti madzi asalowe mkati. Musaimize m'beseni. Pukutani, muiike pa mthunzi podutsa mphepo, ndipo ikauma masulani drag. Mkati mwake muli timawashala tofewa, ndipo tikakhala topanikizika mwezi wathunthu timaphwatalala ngati patapata wakale.

Pa dzuwa ayi. Dzuwa limaumitsa msanga, inde, koma limadya nayiloni monga limadyera beseni la pulasitiki loiwalika pabwalo, lija limathetheka mukangolinyamula.

Boma la Zambia limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Asodzi amadandaula, ine ndemwe, koma miyezi itatu imeneyi ndi imenenso chinyontho chimalowa paliponse, mchere nkumanyowa m'botolo, nsapato nkumera nkhungu kuseri kwa bedi. Khasu sitilisunga ndi matope, ndiye spool isagone dzinja lonse itavala chingwe. Chotsani chonse. Ngati chikadali chabwino, chikulungeni mokhwefuka pa chitini chachikulu kapena pa botolo la malita asanu, muchiike m'kabati mwamdima. Spool itsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, ndi kansalu kapena mswachi wakutha. Apa ndipemphe amayi ndi atsikana a pakhomo, amene amafuna chilichonse chiwale: waya wokwechera mapoto asayandikire. Adzawalitsa spool, koma adzakhala atachotsa kakhungu kaja. Ikauma ipakeni phula lopukutira galimoto mopyapyala, kapena pakani kandulo pa kansalu nkupukuta nako. Petulo ndi parafini zisiyeni, zimawononga pulasitiki ndi girisi wa mkati.

Chingwe chimene chayamba kuyera, kukhakhala kapena kupotana ngati sipuling'i chatha ntchito, ndipo pa zonse za pa ndodo ndicho chotsika mtengo. Musachitaye kumtsinje kapena kuseri kwa nyumba. Nayiloni siiola msanga, ndipo amene anayesapo kumasula mwendo wa nkhuku wotupa ndi chingwe chotere akudziwa chimene ndikunena. Chiduleni tizidutswa tifupitifupi musanachiponye m'bini.

Mnansi wanga uja anayesa kumata spool yake ndi guluu. Inagwira mpaka mlamba wotsatira. Anayendayenda m'tauni kufuna ina yolowa pa reel yake, koma ma spool sali ngati machubu a njinga oti saizi imodzi ilowa paliponse; kampani iliyonse ili ndi yake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi yake. Anamaliza ndi kugula reel ina yathunthu. Yakaleyo ili pa windo, ndipo akazi ake amakulungapo ulusi wolukira tsitsi. Iye masiku ano mukamuona madzulo a Lamlungu akuyenda chafutambuyo pa bwalo la mpira, ana akumutsatira nkumafunsa ngati mu udzumo muli nsomba, dziwani kuti kumtsinje kunayenda bwino.